Maindiketa a njinga: zimene ndaona pa miyezi 7 ndikunyamula mazira mu Chipata

Ndimaweta nkhuku za mazira kuseri kwa nyumba yathu, chakumbali kwa msewu wa ku Lundazi, ndipo mazirawo ndimakaperekera ndekha m'tauni pa njinga. Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka ndimamanga mathireyi 10 pa kaliyala, nthawi zina 12, thireyi iliyonse mazira 30, n'kupita nawo ku msika wa Kapata, ku Saturday Market ndi kwa makasitomala angapo a ku Down Shops. Amene ananyamulapo mazira 300 pa njinga akudziwa kuti dzanja silichoka pa handulo mwachisawawa. Thumba la chimanga likapendama umangolikankha ndi msana n'kupitiriza ulendo. Mazira akapendama, ndalama ya chakudya cha nkhuku cha sabata yonse yathera pa phula.

Njinga yanga ndi Eagle yakale imene anandisiyira malemu bambo anga, ya zija zinkapangidwa konkuno ku fakitale ya Luangwa Industries m'nthawi ya a Kaunda. Fulemu yokha ndiyo yatsala yoyambirira. Matayala, tcheni, chishalo ndi masipoko ndasintha kambirimbiri. Mabuleki ake ndi a zitsulo zija zokoka ndi zala, ndipo ya kumanja ndiyo imagwira tayala lakutsogolo. Ndikutchula zimenezi chifukwa nkhani ya maindiketa imayambira pa manja. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu, choncho kukhota kovuta ndi kwa kumanja, kumene umadula magalimoto a kumbuyo kwako ndi a kutsogolo omwe. Pa nthawi imeneyo m'pamene uyenera kutambasula dzanja lamanja, n'kusiya buleki yamphamvu ija yopanda woigwira, katundu yense akulendewera pa dzanja limodzi lamanzere.

Mu Epulo zinandichitikira. Ndinkakhota kulowa kanjira kena pafupi ndi msika wa Kapata, dzanja lili m'mwamba, tayala lakutsogolo linagunda pamene phula linanyotsoka m'mphepete. Njinga inagwedezeka, malegeni anamasuka mbali imodzi, mathireyi awiri a pamwamba n'kutsetsereka mpaka pansi kuti phwaa. Minibasi imene inali kumbuyo kwanga inaima mabuleki akulira. Palibe anavulala, koma mazira 60 anapita, ndipo miyendo inanjenjemera mpaka kunyumba. Madzulo ake mwana wa mlongo wanga, amene amayendetsa njinga yamoto, anati, "Amalume, bwanji osangogula maindiketa? Alipo a njinga yotchova masiku ano, manja onse azikhala pa handulo." Kumayambiriro kwa Meyi ndinagula. Lero tili mu Disembala, ndayenda nawo m'chisanu, m'fumbi ndi m'mvula, ndiye ndikhoza kulankhulapo.

Ndinawapeza pa sitolo ina ku Down Shops yogulitsa matochi, mawailesi ndi matchaja a foni. Ndinalipira K180, ndalama ya kuno ku Zambia. M'kabokosimo munali zinthu zitatu: nyali yapulasitiki yakuda yomangirira kumbuyo, karimoti ka mabatani kokoleka pa handulo, ndi kachingwe ka USB kotchajira. Nyaliyo ndinaiyeza ndi rula ya mwana wa sukulu, m'lifupi mwake ndi masentimita 12. Pakati pali mzere wa timagetsi tofiira, uku ndi uku muvi wachikasu. Ukadina batani lakumanja muvi wakumanja umaphethira, ndipo kachipangizoko kamalira ti-ti-ti ngati wotchi. Pakati pa rimoti ndi nyali palibe waya. Mnyamata wogulitsa anayatsa zonse ndikuona, anandiphunzitsa kudina, ndipo sanandinamize: ananena yekha kuti zikawonongeka sabweza ndalama. M'sitolo muja, mita imodzi kuchokera pa maso anga, mivi ija inkawala mokongola kwambiri moti ndinatuluka ndili wokhutira.

Vuto loyamba ndinalipeza ndisanachoke n'komwe pakhonde. Amene anapanga nyali imeneyi ankaganizira njinga yopanda katundu. Lamba wake walabala ndi womangira pa kachitsulo ka pansi pa chishalo. Pa njinga ya ku Chipata pamenepo m'pobisika: kumbuyo kwake kumakhala thumba la makala, mtolo wa nzimbe, mbuzi, zigubu za madzi, kapena munthu wakhala pa khushoni. Kwa ine mathireyi anaiphimbiratu. Ndinapita kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, amene wakhala akundikonzera kwa zaka zambiri. Anaitembenuzatembenuza n'kunena kuti, "Aphiri, ichi n'cha njinga zamasewera, koma tiyeni tiyese." Anadula kachidutswa ka paipi, anakamanga ndi mabawuti awiri kumapeto kwenikweni kwa kaliyala, lamba uja n'kugwira pamenepo. Anandilipiritsa K20. Aliyense wofuna kugula awerengeretu zimenezi, chifukwa nyali yobisika ndi katundu n'chimodzimodzi ilibe.

Usiku womwewo ndinafuna kuona ndi maso anga zimene dalaivala amaona, poti wokwera njinga saiona nyali yake yakumbuyo. Tinatulutsa njinga pa kamsewu kafumbi ka kutsogolo kwa nyumba. Mayi a kunyumba anagwira handulo, ine ndinayamba kuyenda ndikuwerenga mapazi. Tinapangana kuti azidina batani lililonse limene afuna osandiuza, ine ndizitchula mbali. Pa mapazi 10 ndinatchula bwinobwino, muvi unkaoneka ndi mutu wake womwe. Pa mapazi 20 mutu wa muvi unasowa, koma ndinkadziwabe mbali chifukwa chikasu chinkaphethira kumanja kapena kumanzere kwa kufiira kuja. Pa mapazi 30 ndinayamba kuphonya. Ndinafuula kuti "Kumanja!" iwo n'kuyankha kuti, "Ayi abambo, ndadina kumanzere." Pa mapazi 50 kunali kadontho kamodzi kokha kothwanima, kofiira kosakanikirana ndi chikasu. Kuwala kunalipo ndithu, kankaoneka ngakhale nditafika pa mpanda wa aneba, koma kankangonena kuti pali chinthu pamsewu. Kumene chinthucho chikulowera sikankanena.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pa galimoto indiketa yakumanja ndi yakumanzere zimatalikirana kupitirira mita imodzi, ndipo thupi la galimoto limaoneka pakati. Ngakhale pa njinga yamoto zimakhala pa timitengo totuluka uku ndi uku. Pa nyali yanga mivi iwiriyi yatalikirana ngati chikhatho cha dzanja. Diso la munthu ali patali limaiphatikiza. Tsopano taganizani za liwiro. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Mapazi anga 30 safika mamita 30. Ndiye kuti pamene dalaivala wayamba kuzindikira mbali imene muvi ukuloza, watsala ndi masekondi osakwana awiri kuti andipeze. Thiraki yodzaza simenti kapena feteleza siima pa masekondi awiri.

Mawa lake tinabwereza masana dzuwa lili paliwombo. Pa mapazi 15 ndinkachita kutsinzinira kuti ndione ngati yayaka. Ndipo pano pali chinthu chimene anthu a mbali yathu ya tauni akuchidziwa bwino. M'mawa tikamalowa m'tauni timayang'ana kum'mawa, madzulo tikamabwerera timayang'ana kumadzulo. Maulendo onse awiri dzuwa limakhala pamaso pa dalaivala amene ali kumbuyo kwanga. Mu Seputembala ndi Okutobala, fumbi ndi utsi wa lupsa zili tolo mumlengalenga, galasi la galimoto lili mbuu, munthu wa pa njinga amangooneka ngati chithunzithunzi chakuda. Mkono wotambasuka umaoneka pa chithunzithunzi chotero, chifukwa umasintha maonekedwe a munthu yense. Kamuvi ka masentimita atatu kamamira m'dzuwa.

Ndikanakhala womvera zimene ndinaona usiku uja, za mu Julayi sizikanachitika. Koma munthu ukagula chinthu umafuna kuchikhulupirira. Linali Loweruka, ndinachedwa kudikira ndalama kwa kasitomala wina, ndipo ndinanyamuka m'tauni cha m'ma 17:30. Nyengo yozizira kuno dzuwa limalowa msanga, pofika pa mphambano ya msewu wa ku Lundazi kunali chisisira. Pa kaliyala panali mathireyi opanda kanthu ndi thumba la chakudya cha nkhuku la makilogalamu 50. Pamenepo ndimayenera kuchoka kumanzere kwa Great East Road n'kudula msewu wonse kulowera kumanja. Ndinadina batani ndikadali patali. Ti-ti-ti ija inkalira m'makutu mwanga, ndipo kulira kumeneko kunandipatsa mtima woti ndanena kale, onse amva. Ndinacheuka kamodzi mothamanga, ndinaona nyali ziwiri zomwe ndinkayesa zili kutali, n'kuyamba kupendeketsa njinga kulowa pakati.

Hutala amene analira kumbuyo kwanga sindidzamuiwala. Ndinabweza handulo kumanzere ndi mphamvu zonse, thumba lija linandikoka, ndinakagwera m'mbali mwa msewu bondo n'kusupuka. Thiraki inadutsa mphepo yake ikundiwomba kumaso, n'kukaima patsogolo. Dalaivala anatsika n'kubwera wapansi. Anali bambo wa msinkhu wanga, wochokera ku malire a Mwami. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, koma anayamba wandidzutsa, n'kundithandiza kuimika njinga. Kenako anati, "Amdala, mukanafa. Bwanji osatulutsa dzanja?" Ndinamulozera nyali ija, inali ikuphethirabe. Anawerama n'kuiyang'anitsitsa. "Kanyalika ndinakaona kalekale," anatero, "n'chifukwa chake ndinayamba kutaya kumanja kuti ndikupatseni malo. Njinga zambiri masiku ano zili ndi tinyali tothwanima. Ndikanadziwa bwanji kuti aka n'ka indiketa?"

Mawu amenewo ndawaganizira kwa miyezi. Munthu uja sanalakwe. Anandiona, anachita zoyenera munthu wabwino, anapatukira kumanja kuti andidutse patali, ndipo kumanjako n'kumene ine ndinkalowera. Madalaivala sayembekezera indiketa pa njinga yotchova. Pa sukulu yoyendetsa galimoto ndi m'buku la malamulo a pamsewu, chizindikiro cha wapanjinga ndi mkono. Komanso pa Great East Road nyali yachikasu yophethira ili ndi matanthauzo angapo. Wa thiraki akayatsa yakumanja pa msewu wowongoka amakhala akuuza wakumbuyo kuti usandidutse, kutsogolo kukubwera galimoto. Akayatsa yakumanzere ndiye kuti dutsa, kuli bwino. Usiku ambiri amayatsa yakumanja popambana ndi galimoto ina, kusonyeza pamene pathera thupi la galimoto yawo. Munthu amene wayendetsa kuchokera ku Lilongwe kapena ku Nacala akuwerenga chilankhulo chimenechi, akaona kachikasu kakuphethira pa njinga, sizibwera zokha m'mutu mwake kuti mdala uyu akudula msewu.

Kuyambira tsiku limenelo, pa mphambano ija sindikhotanso ndili pa chishalo. Ndimaima kumanzere, kutsika, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuwoloka ndikukankha njinga. Zimanditengera mphindi ziwiri kapena zitatu, nthawi zina zisanu mathiraki akandondozana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anyamata onyamula anthu pa njinga, aja anzathu a ku Mchinji amawatcha a kabaza, sangakonde zimenezi chifukwa kwa iwo mphindi ndi ndalama, koma ine ndaona kuti pamene pamadutsa mathiraki palibe nyali ya K180 imene ingandiimire.

Mwina mukuganiza kuti ndinaichotsa n'kuitaya. Ayi, ikadali pa njinga, ndipo ndikufuna ndinene mwachilungamo pamene imandithandiza, chifukwa malowo alipo ndithu.

M'kati mwa tauni nkhani ndi ina. Kuzungulira msika wa Kapata, pa Saturday Market, m'tinjira ta ku Down Shops pafupi ndi mzikiti, palibe amene amathamanga. Amene ali kumbuyo kwako ndi wanjinga mnzako, wa njinga yamoto, wa wilibala, kapena takisi yoyenda ngati ikuperekeza maliro. Onsewa ali pa mamita atatu, anayi, asanu. Pa mtunda umenewo muvi umaoneka bwino ngakhale masana, ndipo pamenepo m'pamenenso kutulutsa dzanja kumavuta kwambiri, chifukwa pali mahampu, maenje, ana odutsa mwadzidzidzi ndi azimayi osenza madengu, zala zonse zimafunika pa mabuleki. Kale a njinga zamoto ankakonda kundilowera kumanzere pa nthawi imene ine ndikukhotera komweko kuti ndiime pa sitolo. Tsopano ambiri amaona muvi n'kudikira. Iwo amaumva msanga chifukwa njinga zawo zili ndi maindiketa. Tsiku lina mnyamata wina wonyamula mayi ndi mwana pa kaliyala anandipeza n'kunena kuti, "Bambo, kanthu kanuka kabwino, ndinadziwiratu kuti mukulowa apa." Chiyambire Meyi sindinaswenso dzira chifukwa chokweza dzanja. Pa chimene ndinagulira, kunena zoona, yagwira ntchito.

Kulira kwake nakonso kuli ndi phindu limene sindinaliyembekezere. Anthu oyenda pansi amatembenuka akamva ti-ti-ti, mwina chifukwa sanakazolowere ngati belu. Komanso n'kumene kumandikumbutsa kuzimitsa. Indiketa ya galimoto imadzizimitsa yokha chiwongolero chikabwerera, iyi ayi. Pa phokoso la pamsika, ma sipika a ogulitsa nyimbo akulira, ndayendapo mtunda wautali muvi ukuloza kumanzere ine ndikupita molunjika, mpaka mayi wina wogulitsa tomato anandikuwira. Chizindikiro chonama n'choopsa kuposa kusapereka chizindikiro, chifukwa wakumbuyo amachita zinthu mokukhulupirira. Dzanja silingaiwalike m'mwamba.

Pamtsetse imathandizanso. Chipata ndi tauni ya m'mapiri, ndipo pali malo amene njinga yolemedwa imafuna kukuthawa. Amene ali ndi njinga ya Buffalo, zija za bungwe la World Bicycle Relief zokhala ndi kaliyala wonyamula makilogalamu 100, ali ndi mwayi pang'ono, chifukwa buleki yake umaponda chobwerera ndi phazi, dzanja limakhala lomasuka. Ife a mabuleki a m'manja, kutsetsereka ndi katundu kwinaku ukutambasula mkono ndi kuika moyo pa chiswe. Pamenepo ndimadina batani ndi chala chachikulu, zala zina zili pa buleki. Sindinena kuti onse amaona, koma kuli bwino kusiyana n'kungokhota chete.

Koma chimene ndimaikondera kwenikweni nyali imeneyi si mivi ayi. Ndi mzere wofiira wa pakati uja. Mu Juni ndi Julayi ndimanyamuka kunyumba kusanache, cha m'ma 05:00, kuti mazira afike masitolo akamatsegula, ndipo msewu wa ku Lundazi nthawi imeneyo umakhala mdima wa ndiweyani. Kwa zaka zambiri kumbuyo kwanga kunalibe chilichonse kupatula kagalasi kofiira kosweka pa madigadi. Magalimoto ankandidutsa pafupi moti malaya ankachita kuuluka. Chiikireni nyali yofiirayi, ndimamva injini ikutsika mawu ikadali kutali, galimoto n'kundilambalala bwinobwino. Kusintha kumeneku ndinakumva m'thupi sabata yoyamba yomwe. Ndikamatchova m'bandakucha ndimapeza anzanga ambiri, a makala, a nkhuni, alonda ochokera ku ntchito, ana a sukulu, ali bii opanda kanthu kowala ngakhale kamodzi, ndipo ine amene ndili pa njinga ndimawaona ndatsala pang'ono kuwagunda. Zimandiwawa mtima. A RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, amanena kawirikawiri za kuvala zonyezimira, ndipo akunena zoona. Ine ndinagula chovala chonyezimira chija cha a zomangamanga pa salaula, ndimachivala pamwamba pa jekete, ndipo china ndimakulunga pa mathireyi.

Kutsogolo nyali imeneyi sikuthandiza chilichonse. Galimoto yobwera kutsogolo, kapena yotuluka m'kanjira ka m'mbali, siona muvi uliwonse, pamene pokhotera kumanja amenewo ndi theka la anthu ofunika kudziwa maganizo ako. Tochi yakutsogolo ndi yogula payokha.

Za batire ndinene mwachidule. Ndikaitchaja kudzaza imanditengera maulendo atatu, ndiye kuti sabata imodzi, ngati ndikuyatsa m'mawa ndi madzulo okha. Miyezi yoyamba inkapitirira pamenepo, pano yayamba kufooka. Kutchaja kumatenga maola awiri kapena atatu. Chiyambire chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku damu la Kariba magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, tinagula kasola kotchajira mafoni, ndipo nyaliyi imadyera pomwepo. Choipa n'chakuti sichenjeza mokwanira ikamatha. Imangofooka pang'onopang'ono kumbuyo kumene suona, iwe n'kumatchova ukuyesa ukuwala. Ndinazolowera kuika chikhatho kumbuyo ndikaima, kuona ngati chikufiira. Karimoti kali ndi batire lakelake, lija lophwatalala ngati ndalama yachitsulo lolembedwa CR2032. Linatha mu Okutobala. Tsiku limenelo ndinadina batani osamva kulira, ndipo ndinazungulira masitolo atatu ndisanalipeze kwa wokonza mawotchi. Mu tauni muno limapezeka, koma munthu wa ku Chadiza kapena ku Vubwi agule awiri nthawi imodzi.

Pa kabokosi analemba kuti siilowa madzi. Mvula yamvumbi inapirira. Koma chimvula choyamba champhamvu cha mu Novembala, chija chimasefukiza ngalande za m'tauni, madzi a tayala lakumbuyo ankaithira molunjika chifukwa cha pamene tinaimanga, ndipo pofika kunyumba mkati mwa galasi munali nthunzi. Inayamba kuyaka yokha, kuzima yokha. Ndinatsegula kachivindikiro kalabala ka potchajira n'kuiika padzuwa masiku awiri. Inadzuka, koma timagetsi tiwiri ta muvi wakumanzere sitinayakenso. Kachivindikiro kameneko ndi kofewa kwambiri, ndipo fumbi la mu Ogasiti linali litakalepheretsa kale kutseka bwino. Pano kukachita mitambo ndimaiveka kapulasitiki koyera ka shuga n'kumanga ndi labala. Matope nawo amaiphimba msanga, ndimaipukuta ndi chala pa malo alionse amene ndaima. Lamba walabala uja anang'aluka mwezi wachinayi chifukwa cha dzuwa, ndinaika malegeni. Ndipo poti imachoka mosavuta, sindiisiya pa njinga ndikalowa m'sitolo. Ndimaiika m'thumba la malaya.

Aneba anga anabwera mwezi watha kudzafunsa ngati angamugulire mwana wawo wamkazi amene amatchova kupita ku sekondale m'tauni. Ndinawakhazika pansi n'kuwafotokozera za mu Julayi zija, bondo n'kuwaonetsa. Ndinawauza kuti, "Amayi, mugulireni nyali yofiira yamphamvu ndi tochi yakutsogolo, ndalama yotsala mugule chonyezimira. Mwana alibe katundu wolemera, manja ake ndi omasuka, aphunzire kucheuka ndi kutambasula mkono mpaka zilowe m'magazi." Mantha anga pa mwana ndi omwe aja anandigwetsa ine munthu wamkulu: batani limakupatsa mtima woti walankhula, pamene amene umalankhula naye sanamve. Ukatulutsa mkono thupi lokha limakukakamiza kucheuka, ndipo nthawi zambiri maso ako amakumana ndi a dalaivala, umaona ngati wakuona. Batani umadina maso ali kutsogolo.

Amene ndingawauze kuti agule ndi anzanga onyamula zinthu zosafuna kugwedezeka, mazira, mkaka, mabotolo, buledi wosanjikiza, ndiponso onyamula anthu amene tsiku lonse amazungulira m'misika ndi m'makomboni ngati Mchini, Nabvutika ndi Magazine, kumene liwiro ndi lochepa ndipo wakumbuyo ali pafupi. Kwa amenewa K200 pamodzi ndi yomangitsa ikhoza kubwerera pa mathireyi ochepa opulumuka. Kwa munthu amene ulendo wake waukulu ndi wa pa Great East Road, wochokera ku Mtenguleni kapena ku Mwami, mivi siimupindulira kanthu, agule nyali yofiira yabwino basi. Pogula muyatse m'sitolo, kenako mupemphe wogulitsa ayime nayo pakhomo inu muwoloke msewu mukaione muli tsidya, padzuwa. Ine ndikanachita zimenezo ndikanadziwa tsiku loyamba zimene ndinagula.

Mwana wa mlongo wanga uja, atamva zonsezi, anabwera ndi maganizo ena. Akuti tipeze maindiketa awiri akale a njinga yamoto, tiwamange kumapeto kwa thabwa limene ndimayalapo mathireyi, limene ndi lotalika masentimita 60, kuti wakumanja akhale kumanja kwenikweni, wakumanzere kumanzere, nyali yofiira pakati. Mkulu wa pansi pa mango uja wavomera kuboola thabwalo ndi kuyendetsa mawaya m'mbali mwa fulemu. Maindiketawo tawapeza kale kwa wogulitsa zitsulo zakale, atsala ndi kabatire ndi switchi. Tikamaliza tidzatulutsanso njinga pa kamsewu kafumbi kaja, mayi a kunyumba pa handulo, ine ndikuwerenga mapazi, ndipo ulendo uno ndikufuna ndikafike pa 100.